Mdzukulu wanu ndi magalimoto a agogo Walter

Amayi anga,

Kaya mukudzuka bwanji kumene muliko? Ife kuno ku Wakefield tikudzuka ndithu, kungoti mvula ya dziko lino ilibe manyazi. Yakhala ikuwaza kuyambira Pasaka, moti zovala ndikumayanika pabalaza ngati ndi zakuba.

Ndiyambe ndi zabwino, chifukwa ndikayamba ndi zinazo pepala litha ndisanazifike. Mkazi wa mlongo wanga Yohane anachira bwinobwino, kwabwera mwana wamkazi, ndipo amupatsa dzina lanu. Onse ku Lunzu akuti mphuno ndi yanu yeniyeni. Ine pa foni ndangoona masaya okhaokha. Munda wanu wa kuseri kwa njanji Yohane anabzala mochedwa monga mumamudziwira, komabe akuti chimanga chafika pakati pa nkhokwe, ndipo nandolo wachita bwino. Denga la khitchini linasasuka ndi mphepo, analikhomanso. Makina anu osokera sitinagulitse, ngakhale panabwera anthu kudzafunsa mtengo misozi isanaume n'komwe. Ali pakona pomwe paja, tinawafunditsa chitenje.

Mkamwini wanu akuyendetsabe basi, ndipo mimba ikumka nikula moti chiwongolero chayamba kudandaula. Ine ndikadali ku wodi ya okalamba, mawondo ndiwo ayamba kundikumbutsa kuti utsikana unapita. Mdzukulu wanu wamng'ono Mphatso watalika kundiposa. Ukamulankhula Chichewa amamva zonse, makamaka ukatchula chakudya, koma kuyankha ndi Chingerezi basi.

Tsopano khalani bwino, chifukwa ndili nanu mawu. Nkhani ndi ya mdzukulu wanu Tadala, ndipo amene munayambitsa zonsezi ndinu.

Mukukumbuka nthawi imene ndinatsogola kubwera kuno n'kumusiya m'manja mwanu, pakhonde la sitolo pamene munkasokera? Ndikaimba foni n'kufunsa kuti mwana ali kuti, munkati ali pansi pa makina, akuona mmene lamba amayendera. Tsiku lina anamasula wailesi ya malemu bambo mpaka kutsala mabokosi okhaokha. Ine ndinakalipa foni mpaka kutha mayunitsi, inu kungoti, "Msiye mwanayo Chrissie, sakuwononga, akufunsa." Chabwino. Mverani tsono kumene kufunsako kwatifikitsa.

Titabwerako kumaliro kwanu, Tadala anali atatsala pang'ono kumaliza maphunziro ake a zamankhwala ku yunivesite. Ine ndinali nditaona kale diresi yodzavala pa tsiku lolandira digiri. Madzulo ena tikudya, mwana uja anaika foloko pansi n'kunena kuti, "Amayi, kusukulu kuja sindibwererakonso. Ndapeza ntchito ku Bradford." Ndinaganiza kuti mwina ndi kusitolo yogulitsa mankhwala. Ayi ndithu. Ati kukampani yopanga magalimoto a mpikisano.

Amayi, musaganize galimoto ngati ija ya abusa. Ndi kanthu kogona pansi ngati beseni, kopanda denga, kopanda poika ngakhale thumba la makala. Sikapita kumsika, sikanyamula wodwala, sikaperekeza mkwatibwi. Ntchito yake ndi kuzungulira msewu wopanda kopita n'kubwerera pomwe kanayambira, ndipo amene wabwerera msanga amamupatsa chikho choti sangamweremo ngakhale tiyi. Zimenezi ndi zimene mdzukulu wanu anasinthanitsa ndi digiri.

Mbiri ya kampaniyi ndikuidziwa kuposa mbiri ya mtundu wathu, chifukwa Tadala amailalikira patebulo tsiku ndi tsiku. Ndikuuzani kuti nanunso muvutike nayo. Kalekale, inu mukadali mtsikana, ku Bradford kunali mafakitale ambiri oluka nsalu za ubweya wa nkhosa. M'fakitale ina munkagwira ntchito anyamata awiri a bere limodzi, Walter ndi mkulu wake Frank, okonza makina olukira akawonongeka. Fakitaleyo itatsekedwa, anzawo onse anapita kukafuna ntchito kwina ngati anthu amutu. Awiriwa anapempha kachipinda ka pansi m'fakitale momwemo, anatola mapaipi achitsulo otsala, anagula injini ya njinga yamoto imene inachita ngozi, n'kuyamba kuwotcherera. Thupi la galimotoyo analisula ndi hamala pachitsa cha mtengo, mmene amachitira amisiri a ndowa pamsika wa Lunzu. Atamaliza anaipatsa dzina la mayi awo, Doris. Ine Yohane atapanga chinthu chotero n'kuchitcha dzina lanu ndikanamuitanira akuluampingo.

Pa mpikisano woyamba tayala linachoka n'kupitirira lokha, moti linafika pomalizira galimoto ili m'tchire. Munthu wanzeru akanasiyira pomwepo. Iwo anabwerera kukachipinda kawo, ndipo chaka chotsatira anapambana, kusiya m'mbuyo magalimoto a anthu olemera. Basi anthu anayamba kugogoda, alimi, madokotala a mano, eni magolosale, aliyense amene mkazi wake anali atatopa kumuletsa, onse kufuna yawo.

Kenako moto unabuka n'kutentha zikombole zonse zoumbira matupi a magalimoto. Anayambiranso. Kenako abale aja anakangana, Frank n'kuchoka. Patapita nthawi Walter anatopa, anagulitsa kampani kwa munthu wina wamalonda a makapeti, amene ankafuna kupanga magalimoto a pamsewu a anthu a matayi. Anapangadi ochepa, koma madenga ake ankadontha, m'dziko la mvula ngati lino, ndiye kampani inagwa. Walter anapita kukagulanso dzina lake lomwe, ngati munthu wowombola mbuzi yake imene yadya munda wa eni. Inagwanso. Amene anaidzutsa komaliza ndi mwana wake wamkazi, Janet, yemwe anali mphunzitsi wa masamu, wa ntchito yake yabwinobwino, n'kuisiya. Mukuwaona matendawo? Amagwira ana aakazi a anthu. Lero onse ogwira ntchito kumeneko akhoza kukwana m'minibasi imodzi popanda kondakitala kupanikiza munthu.

Ndinamufunsa Tadala kuti, "Kampani yagwa kangapo konse, iwe ukuonapo tsogolo pamenepo?" Iye osaphethira n'komwe, ati, "Yadzukanso kangapo konse, Amayi." Pakamwa pamenepo ndi panu, musakane.

Munkakonda kundiuza kuti, "Idya kaye, Chrissie, ukalipe uli ndi mphamvu." Ndakhala ndikudya, ndipo ndakhala ndikukalipa. Ndinamuuza kuti ine ndinachoka ku Lunzu, kusiya mwana woyamwa chala, kudzasambitsa nkhalamba za eni m'nyengo yozizira, kuti iye adzavale gauni yoyera, osati ovololo yamafuta. Ndinamuuza kuti zimene akupangazo ndi mabokosi a maliro oika matayala. Bambo ake kungoti, "Tiyeni timuone kaye, amayi a Tadala." Kutchalitchi azimayi akandifunsa kuti kodi adokotala athu a mankhwala amaliza liti, ndimayamba kufufuza china chake m'chikwama mpaka wofunsayo atatopa. Makina ochapira m'nyumba muno aphunzira fungo la oyilo. Zikhadabo za mwana wamkazi zakuda ngati za wowotcha makala. Ndipo ndinalumbira kuti phazi langa silidzaponda kumaloko.

Linapondako. Ndipo linapondako chifukwa cha phazi la munthu wina.

Tsiku lina ndili pa ofu, masana ndithu ndikusita, foni inalira. Tadala. Mawu ake anali a mantha. "Amayi, chonde bwerani kuno. Phazi la agogo Walter layamba kununkha, ali ndi shuga, koma akukana kupita kuchipatala. Mayi Janet alephera, ine ndalephera. Mwina inu akuopani."

Ndinati, "Andiope chifukwa chiyani, munthu sandidziwa?"

Ati, "Aliyense amakuopani, Amayi."

Ndinazimitsa simbi. Namwino ukamva za phazi la munthu wa shuga sufunsanso kuti ndi mnzako kapena ayi. Ndinakwera sitima mpaka ku Leeds, ina mpaka ku Bradford, kenako basi yokwera chitunda, njira yonse ndikukonza mawu oti ndikawalankhule anthu amene anandibera mwana.

Malo ake ndi fakitale yakale yomwe ija, miyala yake yakuda ndi utsi wa makedzana, mazenera a pamwamba osweka, nkhunda zikulowa ndi kutuluka. Kampaniyo ili m'chipinda cha pansi. Ukalowa, fungo la petulo ndi guluu limakulandira lisanakulandire dzanja la munthu. Koma ndinene zoona, pansi pake mpoyera kuposa makhitchini ena amene ndadyamo kuno, ndipo sipanala iliyonse ili pamsomali pake. Tadala anandithamangira, kumutu atamanga duku lanu lobiriwira lija, limene ndinalifunafuna m'chikwama chonse titabwerako kumaliro. Pambuyo pake panabwera Janet, mayi wamkulu kwa ine pang'ono, magalasi ali lende pachingwe, maso otopa. Anandigwira dzanja ndi manja awiri n'kuloza pansi.

Pansi pa kagalimoto kakale kosuluka pankaoneka miyendo iwiri. Phazi lina linali mu nsapato, lina mu silipasi yong'ambidwa ndi mpeni kuti likwanemo. Kagalimotoko ndi Doris uja. Anakapeza m'khola la nkhuku la mlimi wina, kali ndi zitosi mpaka m'mpando, ndipo nkhalambayi inali italumbira kuti kadzayendanso pa tsiku limene kampani imaitana makasitomala ake onse akale ku bwalo la mpikisano, mwezi wotsatira.

Ndinati, "Bambo, tulukani pansipo."

Mawu anachokera pansi pa galimoto. "Ndani ameneyo?"

Janet anati, "Ndi mayi ake a Tadala, Adadi."

Anatuluka akutsetsereka pa thabwa la matayala, kankhalamba kowonda, nsidze ngati udzu wosasenga, zaka zopitirira makumi asanu ndi atatu. Ndinawakhazika pampando, ndinavala magolovesi, n'kuvula silipasi ija. Amayi, ndaona mapazi ambiri pa ntchito yanga. Zala ziwiri zinali zitada kale, ndipo kufiira kunali kutayamba kukwera.

Ndinati, "Ili ndi phazi loti likagone kuchipatala lero. Osati mawa."

Ati, "Mwezi wamawa, mayi. Doris akayenda."

"Mwezi wamawa simudzakhala ndi phazi lopondera buleki. Mwina ndi mwendo womwe. Mwina ndi inu nomwe."

M'malo moyankha anayamba kundionetsa galimoto. Apa ndi pamene tinawotcherera ndi moto wobwereka, apa ndi pamene tayala linachokera. Anamenya kutsogolo ndi chikhatho n'kunena kuti, "Injini malo ake ndi apa, kutsogolo kwa woyendetsa. Mkulu wanga ankati iziikidwa kumbuyo. Anali wouma mutu." Ndinafunsa kuti kodi mkangano umene unawalekanitsa ndi umenewo basi? Ati umenewo kumene. Amayi, abale a bere limodzi anakhala mumzinda umodzi, kukwera mabasi amodzimodzi, osalankhulana mpaka Frank analowa m'manda, chifukwa cha malo oika injini. Ndinayang'ana magalimoto atsopano amene anali pambali, ndipo ngakhale ine wosadziwa ndinaona kuti kutsogolo kwake kulibe kanthu. Janet anandinong'oneza kuti, "Onse amene tapanga chichokereni bambo aakulu a Frank, injini ili kumbuyo. Koma musawauze, amati ndi nzeru zawo." Ndinangogwira m'chiuno. Amuna ndi amodzi dziko lonse lapansi.

Nditabwereza za chipatala, nkhalamba ija inandiyang'ana ndi diso limodzi lotsinzina.

"Kodi si inu amene munati magalimoto anga ndi mabokosi a maliro?"

Ndinamuyang'ana Tadala. Iye anayang'ana kudenga. Ndinati, "Ndine."

"Munakwerapo?"

"Mutu wanga ukadali bwinobwino."

"Ndiye inu mukunyoza chinthu chimene simunalowemo, ine ndikuopa chipatala chimene sindinagonemo. Tigawane. Ine ndipita lero, inu mudzakwere tsiku lijalo. Tili nayo ya mipando iwiri."

Ndinavomera. Ndimagwira ntchito ndi okalamba, ndikudziwa kuti ambiri pofika mawa amakhala ataiwala ngakhale chimene anadya. Janet anawanyamula nthawi yomweyo. Kuchipatala anadula zala ziwiri zija, mwendo unapulumuka, ndipo adokotala anauza Janet kuti akanachedwa pang'ono nkhani ikanakhala ina. Koma nkhalamba imeneyi siiwala. Itangotsitsimuka, mawu oyamba ati, "Mukawauze mayi ake a Tadala kuti ine mbali yanga ndakwaniritsa."

Tsikulo linali Loweruka lapitali. Tinapita tonse, mkamwini wanu akuyendetsa uku akuimba mluzu, zimene zinayenera kundichenjeza. Bwalo lake lili kutali ndi mzinda, pakati pa minda ya nkhosa, mphepo yake yolowa mpaka m'mafupa. Kunadzaza nkhalamba zachizungu ndi timagalimoto tawo, ena imvi mbuu, ena oyenda ndi ndodo, koma akamva injini kulira nkhope zonse ngati ana a sukulu ya mkaka. Agogo Walter anali pa njinga ya olumala, phazi lokulungidwa mabandeji. Amene anamalizitsa kukonza Doris ndi Tadala, nkhalambayo ikumulangiza pa foni ili pabedi la kuchipatala. Janet analowamo, analiza, kanatsokomola, kanatulutsa utsi ngati ng'anjo ya njerwa, kenako kananyamuka. Kanazungulira bwinobwino mpaka katatsala pang'ono kumaliza, n'kuzima. Anthu onse anathamangira kukakankha, madokotala a mano ndi alimi omwe, mpaka kanafika. Agogo Walter anapukuta m'maso n'kunena kuti mphepo yawalowetsa fumbi. Pamalo ponyowa chonchija fumbi lichokera kuti?

Kenako anandiloza ine.

Anandipatsa ovololo, ati yosapsa ndi moto. Ndinafunsa kuti kodi kumene tikupitako kuli moto? Anangoseka. Inandithina moti kupuma ndinkachita kupempha. Anabweretsa helemeti, chipewa cholimba ngati cha anyamata a njinga zamoto chija, ndipo sinakwane mpaka ndinavula wigi yanga yatsopano n'kupatsa mkamwini wanu kuti agwirizire. Kulowa m'galimotomo ndiye musafunse. Munthu umachita kugona chagada ngati uli kusikelo ya amayi oyembekezera. Anandimanga malamba paphewa, m'chiuno, pakati pa miyendo, ngati katundu wa pa lole. Mphatso uku akujambula pa foni.

Ndinafunsa Janet kuti, "Woyendetsa ndi uti? Ndikufuna wachikulire, wokhala ndi ana."

Janet anadabwa. Ati, "Ndi Tadala. Palibe wina amene ndingamupatse mayi wa munthu. Galimoto iliyonse isanapite kwa mwini wake amayamba waiyesa ndi iyeyo."

Amayi, ine ndinkadziwa kuti mwana amamanga mabawuti. Zoti amayendetsa panalibe anandiuzapo. Ndinatembenuza mutu movutikira kufuna mkamwini wanu. Anali ataima poteropo, dzanja lina wigi yanga, lina soseji, akuwerenga mitambo.

Tadala analowa n'kukhala pambali panga. M'zipewa zathu munali timawaya toti tizimvana.

"Iwe, zimenezi unayamba liti?"

"Pakhala kanthawi, Amayi."

"Bambo ako akudziwa?"

"Ndi amene amandiperekeza."

Ndinafuna kuvula malamba kuti ndikayambe ndi bambo akewo, koma sindinkadziwa pomasulira. Tadala anati, "Mukafuna kutsika, tsikani, sindikhumudwa." Ndinaona agogo Walter atakweza chala chamanthu, phazi lawo lodulidwa lili patsogolo ngati umboni. Munthu anapereka zala ziwiri. Ndinati, "Yendetsa, koma pang'onopang'ono, ndine mayi ako."

Ngati munamva munthu akukuitanani masana a Loweruka limenelo, ndinali ine. Chinthu chija chitanyamuka, mimba yanga inatsala poyambira. Injini ili kumbuyo kwa khutu langa, kumene Frank ankaifuna, ikulira ngati chigayo chapenga. Msewu unkabwera kumaso ngati ukufuna kundimenya. Ndinakuwa "Mayo! Mayi wanga ine!" kuchokera poyambira, ndinakuitanani pakona iliyonse, ndinatchula ndi malemu bambo omwe. Koma mkati mwa kukuwako ndinkamva mawu a mwana wanga m'khutu, ofatsa ngati akuwerenga Baibulo. "Tikulowa kumanzere tsopano, Amayi. Mumva ngati tikugwa, koma sitigwa. Ndiponda buleki apa. Pumani." Ndinatsegula diso limodzi n'kuyang'ana manja ake. Sankanjenjemera n'pang'ono pomwe. Mawu amenewo ndimawadziwa. Ndi amene ine ndimalankhulira wodwala akamabanika, wodi yonse ikuthamangathamanga. Sindinkadziwa kuti mwana wanga ali nawo.

Titaima anachita kundizula ngati chinangwa. Ndinakhala pamulu wa matayala akale. Tadala anagwada n'kundivula helemeti, anandipatsa madzi. Ndinamuyang'ana bwinobwino, mwina koyamba chichokereni kumaliro kwanu ndisakukonza zomukalipira. Mwana wanenepa, Amayi. Masaya abwerera. Nthawi ya ku yunivesite anali atatha ngati ndodo, ine n'kumati ndi kuwerenga.

Anati, "Amayi, kusukulu kuja ndinkadzuka m'mawa uliwonse ndikulira. Ndinkakhoza mayeso, koma ndikamapita m'kalasi ndinkalakalaka basi itangopitirira osaima. Ndinkaopa kukuuzani, munavutikira kwambiri zimenezi."

Ndinati, "Ndiye unkangofa nazo wekha?"

"Ayi. Agogo ankadziwa. Ndinkawaimbira Lamulungu lililonse."

Pamenepa ndiye pali mlandu wanu waukulu. Inu ndi ine tinkalankhulana sabata iliyonse. Munkandiuza za mbuzi ya a neba, za mtengo wa feteleza, za amene wakwatiwa ndi amene wathawidwa, za ulusi umene wasowa pamsika. Zoti mwana wanga akulira m'mawa uliwonse, m'nyumba mwanga momwe, kuseri kwa khoma la chipinda changa, munazisunga pansi pa lilime mpaka kupita nazo. Ndinangokhala pamatayala paja. Ndinkafuna foni yoti ndikuimbireni.

Ndinamufunsa kuti nanga agogo akowo ankati chiyani? Ati munamuuza kuti, "Ukawauze wekha amayi ako, ine sindikulankhulira. Akalipa sabata imodzi, kenako akuphikira."

Sabata imodzi! Mumandidziwa, koma apa munalakwitsa masamu. Chaka chatsala pang'ono kukwana ndikukalipabe. Kuphika kokhako ndiye munalondola, sindinasiyepo, ndipo kontena imene ndimamulongedzera m'mawa yakhala ikukula chifukwa ndinamva kuti ena kumeneko amadya mabisiketi okhaokha masana.

Nditadzuka pamenepo ndinapita kwa Janet, wigi ndili nditaibwezeretsa, ngakhale Mphatso akuti inali chopendekera. Ndinamuuza kuti ine sindinavomereze kanthu, koma ngati mwana wanga akhale pamenepo, ndikufuna pepala. Kampani yanuyi imagwa ngati mwana wophunzira kuyenda, ikadzagwanso Tadala adzaonetsa chiyani kwina, zikhadabo? Janet, pajatu ndi mphunzitsi, anandimva msanga. Tagwirizana kuti tsiku limodzi pa sabata azipita ku koleji kukaphunzira za uinjiniya, kampani izimumasula. Tadala anafuna kutsegula pakamwa, tonse awiri tinamuyang'ana, anatseka. Agogo Walter anayamba zoti iwo sanapiteko kukoleji kulikonse, ine ndinawafunsa ngati amwa mankhwala awo a masana. Anali asanamwe.

Za kuyendetsazo ndalephera kuletsa. Ndayesa. Ndangolamula kuti tsiku lililonse loyesa galimoto azindiuza m'mawa kuti ndipemphere, ndipo akatsika aziimba foni asanavule n'chipewa chomwe. Mkamwini wanu ndiye sindinathane naye. Chiyambire Loweruka akudziphikira yekha tiyi, ndipo akuyenda m'nyumba muno monyang'ama ngati mlendo. Dzulo kutchalitchi mayi wina anafunsanso za adokotala a mankhwala. Chikwama sindinachitsegule. Ndinati Tadala amapanga magalimoto a mpikisano ku Bradford, ndipo amawayendetsa yekha. Mayiyo anati, "Mwana wamkazi?" Ndinati, "Wanga."

Musaganize kuti nkhani yathu inu ndi ine yatha. Takambirana ndi Yohane kuti mvula isanayambe kumudziko tidzamange chiliza chanu, ndipo ndapempha kale tchuthi. Ndikulonjeza kuti ndibwera, ndipo Tadala ndibwera naye. Anthu akadzamaliza kuimba n'kubalalika, ine ndidzatsalira pang'ono, ndidzayala chitenje pambali panu, ndipo mudzandifotokozera bwinobwino chifukwa chimene simunandiuzire. Konzekeranitu mayankho. Ndikukusowani tsiku lililonse, Amayi, makamaka masiku amene mwandikwiyitsa.

Ndine mwana wanu wokukondani,

Chrissie